Mizere ya Bambo M'makina

"Dinani batani, achimwene, tiyambe kuika pulogalamu yatsopano," anatero mayi woyang'anira ntchitoyo.

Mnyamatayo sanadine batanilo. Pa sikirini ya kompyuta yaikulu ya kampani panali dzina la bambo ake, amene anaikidwa m'manda masabata atatu apitawo. Lamulo linali lakuti akaunti ya womwalira ifufutidwe kaye pamodzi ndi zonse zimene analembamo, ndipo ntchito ya bambowo inali itagwera iye.

Bambowo anasamalira makinawa zaka makumi awiri, ndipo pakati pa malangizo a pulogalamu ankalembamo zakukhosi. "Apa osathamanga, makinawa ndi nkhalamba ngati ine." Pansi pake: "Lero mwana wanga wasiya koleji. Ndamukalipira kwambiri. Mawa ndimupepese."

Mawa limenelo silinafike.

"Amayi, ndingojambulako ndi foni?"

"Foni mwaisiya pakhomo, mukudziwa. Muno simutuluka ngakhale kapepala." Mayiyo anayang'ana kumbali. "Ndikukamwa madzi. Mphindi zisanu basi."

Mizere imene bambo ake analemba inalipo mazana anayi. Anayamba kuiwerenga mokweza m'chipinda chozizira cha makinacho kuti ailoweze pamtima. Asanafike pa mzere wakhumi, mawu anayamba kumusokonekera, ndipo nsapato za mayi uja zinamveka zikubwerera.