Kiyi ya kwa Ankhoswe

Masiku ano mauthenga onse odutsa pa nsanja ya m'mudzi amajambulidwa n'kusungidwa chotseka, ndipo kiyi yake amasunga ankhoswe. Banja likagwedezeka, otsekula ndi iwowo.

Tiyanjane anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, mtima ukuwawa. Mwamuna wake, Lufeyo, ankamuganizira chibwenzi chifukwa chokhalira pafoni, mpaka anaitanitsa ankhoswe.

Ankhoswewo, a Chikaonda, malume ake a Tiyanjane, anafika akutafuna nzimbe. Anamwa madzi, analowetsa kiyi m'makina owerengera mauthenga, onse n'kumadikira. Pagalasi pankangoyenda zilembo zosokonekera ngati mapazi a nkhuku.

"Mkamwini, khazikani mtima pansi," anatero a Chikaonda, akulavula makoko a nzimbe. "Mulibe mwamuna m'menemu. Amalemberana ndi mchemwali wake za magazi aja osaleka chipitire padera. Mpaka kumalira pafoni, eti!"

Lufeyo anamwetulira, mtima utakhala m'malo. Koma Tiyanjane nkhaniyo anali asanauzepo munthu m'mudzi muno. Tsopano anadziwa chifukwa chimene amayi a pamjigo ankamupatsira mpata uku akutsinana.

"Malume," anatero, akuloza galasi, "makinawa sanatsekulebe."

"Aa, mwana iwe! Kiyi ukangoisunga osaiyesa imachita dzimbiri."

Anaseka okha, madzi a nzimbe akuyenderera m'ndevu.

Tiyanjane anatola kapu imene malumewo anamwera, anaigwira ndi zala ziwiri, n'kukaiponya m'chimbudzi iwo akuona.