Tsiku Limene Mwana wa Nkhanga Anasowa

Ndagi! Gize! Mabwalo atatu m'dzanja limodzi, koma lomva kulira ndi limodzi lokha.

Padangokhala, nyama zitangoyamba kugwira mafoni, Nkhanga anatuluka m'gulu la pa foni la anansi ake a kudambo. "Uko n'kwa nkhani za matope, a Chule. Mikanda yanga ndimagulitsa kwa mbalame zokongola."

"Muyende bwino, mayi," anatero Chule, mkulu wa gululo.

Tsiku lina mwana wa Nkhanga anasowa. Mayiyo anadzijambula akulira n'kuponya pa tsamba la mbalame zija. Mayankho anangoti mbwee: "Mawanga amenewo, asisi! Mumadzola chiyani?"

Anathamangira pa tsamba la ofuna ntchito. Chiswe anayankha mwaulemu: "Mwanayo ali ndi luso lanji? Abwere Lolemba."

Kumwamba Kabawi anayamba kuzungulira. Nkhanga anameza manyazi. "A Chule, ndibwezereni m'gulu, chonde."

Chule anamubwezeramo. Nkhanga atangolemba za mwana wake, Nkhanu anayankha: "Kamawangamawanga kaja? Kali pano pa bango, kakudya ziwala. Ndikukayang'anira."

Nkhanga anafika wefuwefu, nafungatira mwana wake, mtima n'kukhala pansi.

"Amayi," kanafunsa kamwanako, "nanga a Nkhanu andidziwa bwanji, poti inu simuwapatsa moni?"