Mphindi ya Chete m'Nyumba ya Mayi

Nditabwerako kunja kuja, nyumba imene ndinakuliramo ndinaipeza yopanda zitseko, eni ake atsopano akuti mawa aigwetsa. Mwana wamkazi wa mlongo wanga ndi anzake a kusukulu ankajambulamo filimu ya mayeso awo, ine ndikuwatsogolera. Tsiku lonse ndinangokhalira kukalipa. Wa kamera anaiwala batire, wosewera ankamata chingamu pakhoma pomwe malemu mayi ankapachika galasi lawo.

Mdima utagwa tinatsala ndi chinthu chimodzi: kujambula chete wa m'chipindamo, mphindi imodzi wina aliyense osapuma mokweza. Popanda chete ameneyu filimu imamveka yodukaduka, ndipo mawa chipindacho kulibe.

Tili mkati mojambula, mwana wa mlongo wanga uja anavula zomvera za m'makutu. "Amalume, wina akutsegula chitseko."

"Chitseko chiti, iwe? Akuba anazula zonse. Bwerezani, musanditayitse nthawi."

Tinabwereza, iye anapukusa mutu. Ndinamulanda zomverazo n'kuvala ndekha.

Ndinamva bwinobwino kulira kwa chitseko cha kuchipinda kwa mayi, chija ankatsegula tikabwera mochedwa. Kenako masilipasi anayamba kukhwekhwereza pasimenti, kulunjika kumene tinali. Ndinayang'ana anawo mmodzimmodzi. Onse anali chilili, palibe amene anasuntha phazi.

"Tizimitse, amalume?" mtsikanayo ananong'ona.

Masilipasi aja anaima kumbuyo kwanga, ndipo m'makutumu wina anatsonya, monga ankachitira mayi ndikalowa m'nyumba mwawo ndi nsapato.

Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditazivala.