Khutu la Amisiri

Amisiri sankakhulupirira mita yoyezera masipika. Sipika iliyonse yobwera pashopu ankaigunditsa khutu lamanzere, maso atatsinzina, kenaka n'kugamula.

"Iyi yafa," anatero, akuikankhira pambali. "Mawu ang'onoang'ono sakutuluka."

"Ndi yachinayi imene mwaipha sabata ino, malume," anayankha mwini shopu, mwana wamkazi wa mlongo wawo, akulumikiza mawaya. "Mita ikuti ndi yamoyo."

"Mita ili ndi makutu? Ine ndinayamba kumva masipika iwe usanabadwe."

Mayiyo anapotokola batani kuti sipika ilize mluzu wopyapyala woyesera. Makasitomala awiri pabenchi anatseka makutu. Galu amene anagona pakhomo anadzuka n'kuthawa.

Amisiri anali chitsinzinire, khutu pasipika, akudikira.

"Tayatsatu, iwe," anatero.

Atatsegula maso anaona nkhope zokwinyika, mayiyo akuzimitsa mluzuwo, maso ali pansi.

"Malume, mukhoza kumangowotcherera mawaya..."

"Mita yakoyo iwotcherere."

Anatola masikuludiraiva awo ndi magalasi, n'kuponya m'chikwama. Kawailesi kawo ka pashelefu anakayang'ana kanthawi, n'kukasiya pomwepo. Kenaka anatseka zipi.