Nyanja Yosabweza Mtembo

Pamene achibale a mwamuna wake ankanyamula wailesi, Eness ankangoyang'ana. Anatulutsa makina osokera, bedi, makapu, makatani, mpaka nsapato za malemu, iye ali phee pakhonde la nyumba yake ku Chelstone, duku lakuda kumutu, maso ali gwa.

"Onani! Olo msozi umodzi kulibe," anakuwa Wilbroad, mkulu wake wa malemu Gilson, yemwe anabwera ndi lole kudzasesa katundu. "Unamudya ndiwe, mfiti iwe!"

Nkhaniyo Chelstone yense ankaidziwa. Gilson, mphunzitsi wa jogalafe, anapita ndi mkazi wakeyu ku Mpulungu, kugombe la nyanja ya Tanganyika, patchuthi. Akuti anakwera bwato la asodzi a kapenta. Eness anabwerako yekha, atanyamula chipewa cha mwamunayo. Munthu yemwe ankabowa nazo ana a sukulu zoti Tanganyika ndi nyanja yachiwiri kuya padziko lonse, yongoposedwa ndi Baikal ya ku Russia, n'kukathera momwemo! Mtembo ukausaka pati? Maliro analira opanda bokosi.

Kuseri kwa mpanda kunaima tcheyamani wa chipani m'deralo, akutokosa m'mano. Ngoziyo isanachitike, sankachoka pakhomopa. Ankabwera ndi amuna ovala masuti, kudzafunsa zomwe Gilson analankhula kubawa zonyoza ulamuliro wa chipani chimodzi. Tsopano mafunso anatha. Anangobwera kudzaonerera.

Lole itadzaza, Wilbroad anaona makwerero akale atatsamira kukhitchini. Anawakoka.

Eee, mkazi uja anadzambatuka ngati waponda moto.

"Ba Wilbroad, tengani vonse, koma aya siyani!"

Anakanganirana makwererowo pabwalo, fumbi lili koboo. Wilbroad anamuwaza mbama. Eness anamuluma dzanja mpaka magazi, ndipo sanataye.

"Mwamuna sunamulile, ulilila mapulanga yoola? Khala nayo, galu iwe!" Wilbroad analavula, n'kukwera lole.

Tcheyamani anaseka mpaka kutsokomola. Anapukusa mutu, nanyamuka. Wamisala ngati uyu n'kumulonderanji?

Eness analowa m'nyumba yopanda kanthu ija, mlomo ukutupa, mtima ukuwira ndi ukali. Anakhoma chitseko, natchinga zenera ndi chitenje. Kenaka anaimika makwerero pansi pa kachitseko ka siling'i, nakwera ndi madzi m'chitini cha jamu.

"Tanganyika wako uja watidyera nyumba yonse," ananong'ona.

"Nanga nsapato zanga?" anafunsa Gilson mumdimamo.

"Wavala mkulu wako."