Kapu ya Apongozi

Madzi atangokakhudza, kadzino kodulira kanalira kuti thee!

Make mapasa anazimitsa makina ake osemera zitsulo. Kadzino kaja, ka chitsulo cholimba chotchedwa sameti, kotsiriza m'kabokosi, kanali katang'aluka pakati. Sameti ndi wotero: amasalaza chitsulo mpaka kuwala ngati galasi, koma akatentha sagwirizana ndi madzi ozizira.

Apongozi ake aamuna anali pampando pafupi ndi makinawo, kapu ikudontha m'manja.

"Ndakupulumutsani, mwananga. Chitsulo chikamafuka utsi chimafuna madzi. Amunafe timadziwa."

Mtima wa make mapasa unawira. Akanakhala mwamuna wake, bwenzi sipanala itauluka kale, koma apongozi sakalipiridwa. Anayang'ana chitsulo chimene ankasema, ekiselo yogwira mateyala a njinga ya olumala ya apongozi omwewo, chitakalika chimzere chonyansa pomwe chinayamba kunyezimira.

"Zikomo, bambo," anatero akukukuta mano.

"Nanga njinga yanga itheka liti? Pampando pano ndatopapo."

Make mapasa anagwada, n'kuwalanda kapu ija ndi manja awiri.

"Mufunse amuna odziwa aja, bambo."