Mayi Amene Anaopa Pakamwa pa Anthu Kuposa Madzi

Panali munthu wina, mayi wachitsikana dzina lake Lyness, amene ankakhala m'chigwa cha mtsinje wa Domasi kumunsi kwa Songani. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitika mu 1969. Mwamuna wake, a Enock, anali ku Joni kumigodi, ndipo anamusiya ndi mwana mmodzi, Rhoda, wa zaka zitatu. Lyness anali mtengwa. Kwawo kunali kutali ku Mulanje, apongozi ake anali atamwalira, ndiye pamudzipo analibe wake.

Tsiku lonyamuka a Enock ananena mawu amodzi: "Amake Rhoda, ndisadzamve kuti munagona kunja kwa nyumba ino." Mawuwo sanali achabe. Masiku amenewo mabanja ankatha ndi kalata. Wina amangolembera mwamuna ku Joni kuti akazi anu tawaona pakuti, basi ukwati watha.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku asanu osakata, Domasi n'kusefukira. Anansi anathawira kwa abale awo njira ya ku mishoni isanaduke. Lyness anati madziwo aphwa mawa. Mawa linafika, madzi ali m'nyumba, olekeza m'akakolo. Anakweza bedi pa njerwa, nkhuku zinakwera pamtanda wa denga, moto n'kumasonkha m'phale pamwamba pa tebulo. Mlungu unatha ali pabedipo ndi mwana.

Malo ouma amene akanatha kufikako anali amodzi okha, pachitunda pa Che Maulidi, kalipentala amene akazi ake anamwalira chaka chapitacho. Tsiku lina m'mawa bamboyo anafika akuyeza madzi ndi nsungwi, ndowa ya madzi a mvula pamutu, nkhuni zouma paphewa.

"Amake Rhoda, tiyeni kumtunda. Chipinda chilipo, ine ndizigona mokhomera mipando."

"Zikomo Che Maulidi, koma iyayi. Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ali kuti? Onse athawa. Chabwino, koma madzi a pachitsime chanucho musamwe, zimbudzi zonse zasefukiramo. Ndizikubweretserani a mumgolo wanga."

Anabweretsadi masiku atatu. Tsiku lachinayi panadutsa mwamuna wina amene ankasaka mbuzi zake, munthu wa pakamwa posatseka. Ataona kalipentala akutula ndowa pakhomo anakuwa: "Ee, Che Maulidi! Madziwa akupezerani banja, eti? Ku Joni akamva adzasangalala!" Anaseka yekha n'kumapita.

Lyness mtima unangoti phwii. Anaona kale kalata ikulembedwa, iye akubwerera ku Mulanje ndi kamtolo pamutu.

"Chonde musadzabwerenso," anatero akulira. "Mundithetsera ukwati."

"Ndiye ndizingosiya ndowa pachulu paja, inu muzikatenga."

"Ayi, aonanso. Ndisiyeni, ndapota nanu."

Che Maulidi anapukusa mutu n'kubwerera. Ine sindimuweruza mayiyu, ndimamumvera chisoni. Anali yekha, ndipo ankateteza chimene ankaganiza kuti ndicho moyo wa mwana wake.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Madzi anakhala mlungu wachiwiri, n'kulowa wachitatu. Nkhuni zinatha, ndiye zowiritsa madzi panalibe. Lyness ankatunga pachitsime chomwe chija, n'kusefa ndi mpango wake. Madziwo ankaoneka oyera ndithu. Rhoda anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri. Pofika Lachinayi maso anali atalowa m'kati, kulira komwe kukumukanika.

Apo manyazi anathera pomwepo. Lyness anabereka mwana, n'kulowa m'madzi olekeza m'chiuno, akukuwa dzina la munthu amene anamuthamangitsa uja. Che Maulidi sanafunse kanthu. Ananyamula mwanayo paphewa, n'kuzungulira njira ya kumtunda kulowera kuchipatala, mayi akuthamanga pambuyo. Atatsala pang'ono kufika pamsewu wa ku Liwonde, bamboyo anaima. Anavula malaya ake, n'kumufunditsa mwanayo mpaka kumaso.

Bokosi anakhoma ndi Che Maulidi omwewo, ndi matabwa amene ankasungira chitseko. Pamaliro anthu anabwera ambiri. Wa mbuzi uja analiponso, akuimba nyimbo mokweza kuposa onse.

Patapita masiku anayi madzi anaphwa, njira zinatseguka, ndipo makalata amene anatsakamira anafika. Panali ina ya Lyness yochokera ku Joni. Anaitsegula akuganiza kuti mbiri ija yawafika amuna ake. Koma a Enock analemba kuti:

"Amake Rhoda, anzathu ofika kumene akuti kumudzi mvula yanyanya. Domasi ndimamudziwa, akadzaza saphwa msanga. Musadikire. Tengani mwana mupite kwa Che Maulidi. Ndinawapempha ndisananyamuke kuti azikuyang'anirani. Zimene ndinanena zija zisakumangeni, nyumba tidzamanga ina. Rhoda ndamugulira nsapato zofiira, mundiyezere phazi lake ndi ulusi kuti ndione ngati zingamukwane."

Akuti Lyness anawerenga kalatayo kawiri, kenako anakhala pansi m'matope a pakhomo pake. Phazi loti ayeze panalibe.

Phunziro: Abale anga, madzi akatayika saoleka. Moyo ukakhala pangozi musafunse kuti anthu adzati chiyani, chifukwa anthuwo adzabwera kudzaimba pamaliro basi. Landirani thandizo kwa amene wakutambasulirani dzanja. Amuna, samalani ndi mawu amene mumasiyira akazi anu pochoka, ndipo inu okonda nthabwala, dziwani kuti mawu amene mwaponya mukudutsa akhoza kupha mwana wa mnzanu. Mvula isanafike chaka chino, tumizani nkhaniyi kwa onse amene mumawakonda, makamaka okhala m'mbali mwa mitsinje.